Galimoto ikafooka pokwera kumtunda: kusiyanitsa kuchepa kwa mpweya ndi vuto lenileni la injini

Galimoto yomwe imakoka bwinobwino ku Salima kapena ku Nchalo imatha kufika ku Dedza ikumveka ngati yatopa. Mukaponda faya imachedwa kuyankha, kupitirira lole pamafunika mtunda wautali, ndipo giya yomwe mumadalira pokwera chitunda kwanu siikukwananso. Nthawi zambiri palibe chomwe chawonongeka, injini ikungopuma mpweya wopepuka. Koma nthawi zina pamakhala vuto lomwe linkabisala kuchigwa ndipo phiri langoliulula. Kuchepa kwa mpweya kuli ndi muyeso wake wodziwika, ndipo mukaudziwa muyesowo simungalipire makaniko kuti akonze chomwe sichinawonongeke, komanso simunganamizire phiri pa vuto la sefa yotsekeka.

Injini imameza mpweya wofanana, koma wolemera mosiyana

Injini ya malita 1.5 imakoka mpweya wa malita 1.5 ikazungulira kawiri, kaya ili ku Beira kaya ili pa Nyika. Kukula kwa masilinda sikusintha. Chomwe chimasintha ndi kulemera kwa mpweya womwe walowamo. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya 101 kPa (kPa ndi muyeso wa kupanikiza), ndipo mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu umalemera makilogalamu 1.2. Pa mamita 1,000 kupanikizako kumatsika kufika pa 90 kPa ndipo bokosi lomwelo limalemera makilogalamu 1.1. Pa mamita 2,000 ndi 80 kPa ndi kilogalamu imodzi yokha. Okosijeni amakhalabe magawo 21 pa 100 alionse a mpweyawo, koma popeza mpweya wonsewo wamwazikana, wolowa mu silinda ndi wochepa.

Petulo sayaka yekha. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Mpweya ukachepa, petulo amene angapse amachepanso, ndipo mphamvu yokankha pisitoni imatsika. Kuthira mafuta ochuluka sikubwezeretsa kanthu, kumangotulutsa utsi ndi kudetsa mapulagi.

Muyeso wosavuta kukumbukira ndi uwu: injini yopanda turbo (chipangizo chopanikizira mpweya mu injini) imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 100 alionse omwe mwakwera. Mphamvu yolembedwa m'buku la galimoto ndi ya pamsinkhu wa nyanja yamchere, osati wa nyanja ya Malawi, chifukwa nyanja yathuyi ili kale pafupifupi mamita 475 m'mwamba. Chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje chili pafupifupi pa mamita 100 kapena kucheperapo. Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita 1,000 ndi kuposerapo pang'ono, Mzuzu pafupifupi 1,250, boma la Dedza pafupifupi 1,600, ndipo ku Chelinda pa Nyika mwapitirira mamita 2,200. Kwa oyenda maulendo akunja, Lusaka ali pafupifupi pa 1,280, Harare 1,490, Johannesburg 1,750.

Titengere injini ya Toyota ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri. Buku limaipatsa makilowati pafupifupi 80. Ku Lilongwe ikupereka 72, ku Dedza 67, ku Chelinda 62 kapena kucheperapo pang'ono. Ya lita imodzi ya mu Vitz kapena Passo, ya makilowati pafupifupi 51, ku Dedza imatsala ndi 43.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya. Galimoto yomwe imakhala ku Lilongwe inazolowera kale kuyenda ndi mphamvu yochepa ndi 10 peresenti, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe. Ikapita ku Dedza imangotaya 5 kapena 6 peresenti ina, yomwe dalaivala wosatchera khutu sangaimve. Choncho ngati galimoto ya ku Lilongwe yafika ku Dedza ikulephera kupitirira makilomita 60 pa ola pamsewu wathyathyathya, musayang'ane kumwamba. Tsegulani boneti.

Chitunda ndi china, kutalika kwa malo ndi china

Zambiri zomwe madalaivala amati ndi kuchepa kwa mpweya kwenikweni ndi kulemera kwa katundu pachitunda. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500 ikamakwera chitunda chokwera mamita 8 pa mamita 100 alionse, pa liwiro la makilomita 40 pa ola, imafuna makilowati 13 ongonyamulira thupi lake kupita nalo m'mwamba, kupatula ogudubuzira matayala ndi ong'ambira mphepo. Minibasi yodzaza, yolemera makilogalamu 3,000, imafuna 26. Mukawirikiza liwiro, mphamvu yofunikayo imawirikizanso. Ndiye chifukwa chake chikweza cha Chiweta, msewu wa Golomoti wokwera ku Dedza, kapena chitunda chochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre chimafooketsa galimoto ngakhale mukadali m'munsi momwe mpweya udakali wokwanira. Zinthu ziwirizi zimangokumana: pamene galimoto ikufuna mphamvu yambiri ndi pamenenso injini ikuchepa mphamvu pang'onopang'ono.

Kutentha kumawonjezerapo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo pa madigiri 10 alionse owonjezereka injini imataya 1 kapena 2 peresenti ina. Masana a mwezi wa Okutobala ndi oipa kuposa m'mamawa wa mwezi wa Juni. Choziziritsira m'kati mwa galimoto chimadyanso makilowati awiri kapena kuposerapo, zomwe pa injini ya lita imodzi zimamveka ndithu.

Pofuna kusiyanitsa, pezani malo athyathyathya kumtundako, galimoto ilibe katundu, choziziritsira chitazimitsidwa. Ikani giya yachitatu, yambani pa makilomita 40 pa ola, pondani faya mpaka pansi, wina awerenge masekondi mpaka mufike pa 80. Mukachita chimodzimodzi kwanu mudzakhala ndi manambala awiri oyerekeza. Kusiyana kwa sekondi imodzi kapena awiri pa masekondi khumi n'kwachilengedwe. Nthawi ikawirikiza kawiri, pali vuto.

Mitundu ya injini siivutika mofanana

Injini za petulo zoyendetsedwa ndi kompyuta, zomwe ndi pafupifupi galimoto zonse zochokera ku Japan masiku ano, zimadzisamalira zokha. Sensa ya MAF imayeza kulemera kwa mpweya wolowa, kapena sensa ya MAP imayeza kupanikiza kwake m'paipi yolowera, ndipo kompyuta imachepetsa petulo mogwirizana. Sensa ya okosijeni ya pa ekisozi imakonza zotsalira. Mphamvu imatsika, koma injini imalira bwino, siitulutsa utsi, ndipo pamsewu wathyathyathya siimwa mafuta ochuluka, mwinanso imamwa ochepera pang'ono chifukwa mphepo yolimbana nayo ndi yopepuka. Palibe choti musinthe. Makaniko akanena kuti galimoto yotere ikufunika kuichuna chifukwa mwasamukira ku Dedza, afunseni akuonetseni chenicheni chomwe akufuna kutembenuza.

Kabuleta, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya popanda kompyuta, ndiye imasokonezeka. Imayeza petulo potengera kuchuluka kwa malo omwe mpweya ukutenga, osati kulemera kwake, choncho kumtunda imapereka petulo woposa amene mpweyawo ungawotche. Izi zikukhudza galimoto zakale, njinga zamoto za kabaza, majenereta aang'ono ndi mapampu othirira. Zizindikiro zake ndi mapulagi akuda ngati mwaye, fungo la petulo ku ekisozi, kutsamwa mukaponda faya mwadzidzidzi, ndi kuzima injini ikamalira yokha. Ngati mwangodutsa paulendo, musakhudze kanthu. Ngati makinawo azikhala pamalo opitirira mamita 1,500 nthawi zonse, yambani ndi sefa yampweya yatsopano ndi mapulagi oyera, tenthetsani injini, kenaka sinthani sikuluwu ya msakanizo wa petulo ndi mpweya pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira nthawi imodzi, mpaka ilire mosadumphadumpha. Ngati mapulagi akudabe mutayenda makilomita makumi angapo, ikani jeti yaikulu (kachitsulo ka bowo lotulutsira petulo mu kabuleta) yocheperako ndi saizi imodzi yokha, ndipo yakaleyo muisunge. Pulagi yabwino imaoneka yofiirira pang'ono ngati khofi wamkaka. Ikayera mbee, mwachepetsa petulo mopitirira. Ngozi yake imabwera potsika: njinga yomwe yachunidwira ku Dedza ikapita kukagwira ntchito ku Mangochi imalandira mpweya wambiri pa petulo wochepa, imatentha, ndipo imatha kupsereza valavu kapena kubowola pisitoni. Musanatsike nayo kwa nthawi yaitali, bwezeranimo jeti yakale ija.

N'chimodzimodzinso ndi injini zakale za distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi. Kumtunda petulo sagogoda (kuphulika yekha nthawi isanakwane) msanga mu silinda chifukwa kupanikiza n'kochepa, ndiye amakaniko ena amachititsa kuti mapulagi aziyatsa moto mofulumirirapo pang'ono kuti galimoto ichangamuke. Zimathandiza pang'ono, koma ikatsikira kunyanja imayamba kulira ngati timiyala m'chitini mukaponda faya pachitunda, ndipo kulira kumeneko kumadya mapisitoni. Kusiyana komweku ndi chifukwa chake ku Johannesburg amagulitsa petulo wa 93 (nambala yosonyeza mmene petulo amapiririra osagogoda) pamene ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, wodziwika ndi wa 95.

Dizilo wopanda turbo, monga 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser kapena 3L ndi 5L za mu Hiace ndi Hilux zakale, amaonetsa vuto lake poyera: utsi wakuda. Pampu ya dizilo yakale imaponya mafuta potengera mmene mwapondera faya, osafunsa ngati mpweya ulipo. Mafuta otsala osapsa bwino ndiwo utsiwo, ndipo amatenthetsa mavalavu ndi mutu wa injini. Mapampu ena ali ndi kachipangizo pamwamba kochepetsa mafuta mpweya ukapepuka, koma si onse. Mukaona utsi pagalasi, bwezani phazi pang'ono mpaka uchepe, ndipo tsitsani giya. Liwiro silisintha kwenikweni, chifukwa mafuta omwe mwachotsawo sankakoka kanthu. Chizolowezi chotsegulira pampu kuti minibasi izikoka kwambiri pachitunda chimathera pa mutu wa injini wosweka.

Injini ya turbo imabweza gawo lalikulu la mphamvu yotayikayo, chifukwa turbo imapanikiza mpweya isanaulowetse ndipo kompyuta imailola kuzungulira kwambiri kuti ifikitse pa muyeso womwewo. Pamalo okwera monga athuwa, Hilux kapena Ranger ya turbo imangotaya pang'ono. Koma pali zinthu ziwiri. Injini ikamazungulira pang'ono, pansi pa 1,500 kapena 1,800 pa mphindi, turbo imakhala isanayambe kupopa, ndiye ponyamuka pachitunda ndi katundu galimotoyo ndi yofooka ngati yopanda turbo. Chachiwiri, turbo yomwe imazungulira kale kupitirira ka 100,000 pa mphindi tsopano ikugwira ntchito yoposa, ndipo paipi iliyonse yong'ambika kapena kalampu yomasuka imaonekera pomwepo: kulira kwa mluzu, utsi wakuda, ndi oyilo wonyowetsa polumikizira mapaipi. Mukafika pamwamba pa chikweza musazimitse injini nthawi yomweyo. Ilire yokha mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo aziziritse turbo.

Zoyang'ana mphamvu ikatsika kuposa muyeso

Yambani ndi sefa yampweya, chifukwa ndi yotchipa ndipo ndi yomwe imapezeka yolakwa kawirikawiri, makamaka pa galimoto zoyenda m'misewu yafumbi m'chilimwe. Ichotseni muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Kuipopera ndi mpweya wamphamvu kumang'amba pepala lake ndipo fumbi limalowa mu injini. Injini yomwe ikupuma movutikira kuchigwa imakhala ndi kachuluke kobisira vutolo, koma kumtunda kachulukeko katha.

Kenaka lumikizani kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto pa soketi ya OBD yomwe ili pansi pa chiwongolero. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muwerenge nambala ya MAP kapena ya BARO, sensa yoyeza kupanikiza kwa mpweya wakunja. Popeza injini siikukoka, nambalayo iyenera kufanana ndi kupanikiza kwa mpweya wakunja: pafupifupi 96 kPa kunyanja ya Malawi, 90 ku Lilongwe ndi Blantyre, 87 ku Mzuzu, 84 ku Dedza. Kusiyana kwa 1 kapena 2 ndi nyengo chabe. Ikaonetsa 101 muli ku Dedza, sensayo ikunamiza kompyuta, ndipo petulo akuperekedwa molakwika. Injini itatentha, onani nambala ya LTFT, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa petulo yemwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa. Pakati pa -10 ndi +10 peresenti zili bwino. Ikapitirira +10, ganizirani za sensa ya MAF yakuda, paipi yoyamwa mpweya pambali, sefa yamafuta yotsekeka kapena pampu yamafuta yofooka. Sensa ya MAF imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera okha, osaikhudza ndi chala, nsalu kapena petulo, chifukwa kawaya kake n'kopyapyala kwambiri.

Poyeza kupanikiza kwa masilinda ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Geji imawerenga motsika kumtunda ngakhale injini ili yabwinobwino, chifukwa mpweya womwe pisitoni ikupanikiza unayamba kale uli wochepa. Ngati buku likuti 13 bar (bar imodzi ndi 100 kPa), ku Lilongwe yembekezerani pafupifupi 11.5 ndipo ku Dedza pafupifupi 11. Makaniko wosaganizira zimenezi angakuuzeni kuti maring'i atha, mumasule injini. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda onse: asasiyane kupitirira 10 peresenti. Yezani injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, faya itapondedwa mpaka pansi, batire ili yamphamvu.

Pali zinanso zitatu zomwe zimanamizira phiri. Kalachi yotha imaterereka pachitunda: injini imakuwa koma liwiro silikwera, ndipo pamamveka fungo lopserera. Buleki yogwira imadziwika mukayandikiza dzanja pa rimu mutayenda pang'ono, limodzi limakhala lotentha kuposa anzake. Ekisozi yotsekeka m'kati imalola injini kulira bwino itaima koma imaitsamwitsa ikafika pozungulira ka 3,000 pa mphindi kupita m'mwamba.

Madzi amawira msanga kumtunda

Galimoto zambiri zomwe zimaima m'mbali mwa chikweza sizinafe ndi kuchepa mphamvu, zafa ndi kutentha. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, pafupifupi 97 ku Lilongwe, pafupifupi 95 ku Dedza, ndi 93 pa mamita 2,000. Injini yabwino imagwira ntchito pakati pa madigiri 85 ndi 95, ndipo pachitunda imapitirirapo. Chomwe chimaletsa madziwo kuwira ndi chivindikiro cha rediyeta. Chili ndi sipuling'i yosunga kupanikiza kwa 0.9 kapena 1.1 bar, monga zalembedwera pamwamba pake, ndipo ndi chivindikiro cha 0.9 madzi sawira mpaka pafupifupi madigiri 116 ngakhale ku Dedza. Labala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, mwatsala ndi madigiri 95 okha, ndipo galimoto yomwe kunyanja inkapulumuka mwamwayi imawira pakati pa phiri. Chivindikiro ndi chotchipa kuposa gasiketi ya mutu wa injini, ndipo n'chosavuta kusintha. Gulani cha nambala yofanana ndi chakalecho.

Mpweya wopepuka umachotsanso kutentha kochepa ukamadutsa m'rediyeta, pomwe liwiro ndi lochepa ndipo injini ikulimbana ndi katundu. Musanayambe ulendo tsukani matope, udzu ndi tizilombo pakati pa timapepe ta rediyeta, onani ngati fani ikuyaka injini ikatentha, ndipo gwiritsani ntchito madzi osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala oziziritsira, osati a pamjigo okha omwe amasiya dzimbiri ndi miyala m'timipata. Kuchotsa thermostat (valavu yoletsa madzi kupita ku rediyeta injini isanatenthe), komwe ena amati ndi mankhwala a kutentha, kumangobisa rediyeta yotsekeka ndi kuchititsa injini kumwa mafuta ambiri m'mawa.

Muvi wa kutentha ukayamba kukwera, zimitsani choziziritsira, yatsani hita mpaka pamapeto ngakhale muvutike nayo, tsitsani giya. Ukafika pofiira imani pamalo oonekera bwino. Ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, injini ilire yokha mphindi zingapo. Ngati nthunzi ikutuluka, zimitsani. Chivindikiro musachitsegule mpaka patatha mphindi zosachepera 30, ndipo ngakhale pamenepo chigwireni ndi nsalu yokhuthala n'kuchitembenuza pang'ono kaye.

Kayendetsedwe kake pokwera ndi potsika

Sinthani giya chitunda chisanakugonjetseni. Injini yaing'ono ya petulo imakoka bwino pakati pa 3,000 ndi 4,500 pa mphindi, ndipo phokoso limenelo siliiwononga. Chomwe chimaiwononga ndi kuikakamiza pa giya yaikulu ikuzungulira pa 1,500 faya ili pansi, pamene pampu yamadzi ndi ya oyilo zikuyenda pang'onopang'ono. Dizilo musunge pakati pa 2,000 ndi 3,000. Pa galimoto ya otomatiki yomwe ikungosinthasintha magiya yokha, zimitsani O/D (giya yapamwamba kwambiri) kapena ikani ndodo ya giya pa 2, S kapena L, chifukwa kusinthasinthako kumatenthetsa oyilo wa giyabokosi. Popitirira galimoto ina siyani mpata wokulirapo kuposa womwe munazolowera kuchigwa, makamaka ngati mwanyamula anthu ndi matumba. Pamsewu wokhotakhota monga wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, lowani pakona muli kale pa giya yoyamba kapena yachiwiri, chifukwa mukasintha pakati pa kona liwiro limathera pomwepo.

Potsika gwiritsani ntchito giya yomwe mukanakwerera nayo malo omwewo. Musaike pa nyutulo ndipo musazimitse injini pofuna kusunga mafuta: injini ikazima, chothandizira mabuleki chimatha mphamvu mukaponda kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero chimalemera. Pondani buleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa, liwiro litsike, kenaka siyani kuti azizire, m'malo mogonekapo phazi njira yonse. Mafuta a mabuleki a DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230 kapena kuposerapo, koma akamwa chinyezi amatsika kufika pafupifupi 155, ndipo akawira buleki imalowa pansi osagwira. N'chifukwa chake amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka oyera.

Geji ya matayala nayo imasintha pang'ono. Tayala lomwe mwapopera 220 kPa ku Salima lidzaonetsa pafupifupi 230 ku Dedza litazizira, chifukwa mpweya wakunja wolipanikiza wachepa. Kusiyanako n'kochepa, ndipo musatulutse mpweya m'tayala lotentha. Yezani m'mawa musanayende.

Muyeso wa 1 peresenti pa mamita 100 umagwiranso ntchito pogula jenereta, injini ya chigayo kapena pampu yothirira. Jenereta yolembedwa makilowati 5 ikaikidwa ku Dedza ipereka pafupifupi 4.2, ndipo ku Mzuzu 4.4, musanachotsepo za kutentha kwa masana ndi kukalamba kwake. Werengani katundu yense amene idzanyamule, gawani ndi 0.84 ngati ndi ku Dedza kapena 0.9 ngati ndi ku Lilongwe, ndipo onjezeranipo mpata wa mota yomwe poyamba kuzungulira imakoka magetsi owirikiza kangapo.